Zoyeretsera ndi mabini a koteji ya kunyanja, mmene ine ndimagulira

Kanyumba kathu ka ku Senga Bay tinayamba kukabwereketsa kwa alendo madala atapuma ntchito nkubwerera kumudzi. Zipinda zitatu, mabafa awiri, khitchini ndi khonde loyang'ana kunyanja basi, si hotela ayi. Ntchito yogula zinthu inagwera ine poti ndine ndimakhala ku Lilongwe pafupi ndi mashopu, ndipo ulendo woyamba ndinadzadza galimoto ndi zinthu zonunkhira bwino, timabini tonyezimira topondera ndi phazi, mopu ya ndodo yopinda ija, ndinkadziona ngati dolo. Patangotha miyezi iwiri timabini tija tinali titachita dzimbiri, mopu itathyoka, zonunkhiritsa zili phwii pa shelefu osatsegulidwa nkomwe, pomwe sopo wotsukira mbale ndi tishu zinali zitatha kalekale ndipo amayi amene amatikonzera m'nyumba ankachita kugula ndi ndalama zawo pa golosale. Ndiye zomwe ndikulemba apazi ndi za munthu amene anayamba wataya ndalama.

Poyamba penipeni musagule kanthu. Pitani mukagone konko masiku awiri kapena atatu, makamaka alendo akangochoka kumene, muone nokha mmene nyumba imaonekera anthu asanu ndi atatu akakhalamo weekend yonse. Mukhale pansi ndi amene amakonza m'nyumba muwafunse kuti amayi, chimakuvutani kwambiri ndi chani, chimatha msanga ndi chani. Iwowo ndi amene amagwada mu bafa, inu mumangotumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Ine nditafunsa yankho linali loti mchenga, mafuta a nsomba pa mapoto, ndi fungo la bini. Palibe chimodzi mwa zitatuzi chomwe ndinali nditachiganizira ndili mu shopu. Muli konko muonenso zinthu zinayi: madzi akuchokera kuti (a bodi, a mjigo kapena opopa kunyanja), zimbudzi zikuthira mu septic tank kapena ayi, pansi ndi pa simenti kapena matailosi, ndiye chachikulu kwambiri, zinyalala zikachoka m'nyumba zimathera kuti.

Funso lomalizali ndi lomwe likuuzeni mabini oti mugule. M'tauni timangotulutsa bini pageti nkumadikira galimoto ya khonsolo, koma malo ambiri a m'mbali mwa nyanja galimoto yotero simungayidalire, mwina kulibe nkomwe, ndiye chilichonse chomwe mlendo wataya chimatsala ndi inu, pa mpanda wanu, pafupi ndi madzi omwe anthu akumudzi akusambamo, kuchapamo ndi kutungamo. Ndaonapo makoteji ali ndi mabini anayi amitundumitundu, wobiriwira, wachikasu, wabuluu, olembedwa bwinobwino m'Chingerezi, koma madzulo mlonda amatenga onse anayi nkukakhuthulira m'dzala limodzi nkuyatsa moto. Pamenepo mwangogula zokongoletsa pakhonde. Ndiye musanagule bini iliyonse dziwani kaye kuti zomwe zilowemo adzatenga ndani. Yendani pamsika, funsani pa bottle store yapafupi, funsani amayi ogulitsa thobwa, funsani anyamata ogula zitsulo zakutha. Mukapeza wotenga, mwapeza chifukwa chogulira bini.

Kwathu zinathera pa magulu asanu, ndipo si onse amafuna bini yogula.

Mabotolo agalasi obweza, a Coca-Cola, Fanta, Green ndi anzawo aja, safuna bini. Amafuna makireti opanda kanthu awiri kapena atatu pakhonde lakuseri, mlendo akaona kireti amadziwa yekha chochita. Awa ndi ndalama, ndiye gwirizanani poyera kuti amene alendo awasiya ndi a ndani, ife tinati ndi a ogwira ntchito agawane, ndipo chiyambireni sindinaonenso botolo la Green likugubuduzika pamchenga. Ovuta ndi osabweza, a wine, a Savanna, a Hunter's, a spirit. Amenewa ali ndi dramu yawoyawo yapulasitiki, ya malita 200 yodula pakamwa, yoboola pansi kuti madzi amvula asadikhemo poti madzi odikha ndi nyumba ya udzudzu. Dramu ikadzadza ndimabwera nawo ku Lilongwe pang'onopang'ono kumbuyo kwa galimoto, ena anatithandiza kuzinga bedi la maluwa. Chachikulu asakwiriridwe pamchenga, mvula ikabwera amatuluka, ndipo ana a m'mudzi amayenda opanda nsapato pamenepo.

Mabotolo apulasitiki a madzi ndi a zakumwa ndiye ochuluka kuposa china chilichonse, gulu limodzi la alendo limatha kusiya thumba lathunthu. Musagule bini yotseka ya amenewa, imadzadza ndi mpweya chabe. Ife tinapita kwa owotcherera zitsulo ku Salima anatipangira khola la waya lalitali kufika m'chiuno, lokhala ndi kachitseko pansi, munthu amaona zomwe zili mkati ndiye saponyamo zotsala za nsima. A 500ml amatengedwa ndi amayi a thobwa ndi ogulitsa mafuta ophikira oyeza, a malita 5 ndiye amachita kulimbirana. Koma apa tamverani: botolo lomwe munali Jik, Harpic kapena mankhwala aliwonse lisalowe mu khola limeneli. Litsukeni, liboleni ndi mpeni pansi, lipite kwina. Mukalisiya lathunthu mawa mulipeza muli madzi akumwa a mwana wa sukulu.

Zitini za mowa ndi za zakumwa muziphwanye ndi phazi nkuziika mu thumba la saka lopachika pa msomali, ogula zitsulo zakutha amatenga za aluminiyamu. Sizibweretsa ndalama yoti mungaiwerengere koma zimachoka pakhomo.

Zotsala za chakudya ndi pomwe muyenera kutulutsa ndalama yeniyeni. Ku khitchini ikani ndowa yaing'ono ya malita 10 yokhala ndi chivundikiro chothina, yaing'ono dala, kuti izikhuthulidwa tsiku lililonse. Mukaika yaikulu palibe amene aikhuthule isanadzadze, ndipo kutentha kwa ku Salima mu Okutobala masiku awiri okha mphutsi zayamba kale. Makoko a nthochi, a mbatata, masamba, makoko a mazira, zonsezo zipite ku dzenje la manyowa kuseri, kuthira dothi kapena phulusa pamwamba ulendo uliwonse. Matumbo ndi mamba a nsomba ndi nkhani ina. Mlendo aliyense akafika kunyanja amafuna agule chambo kapena kampango kwa asodzi m'mamawa, akonze yekha awotche pa makala, ndiye matumbo aja akangolowa mu bini ya ku khitchini nyumba yonse imanunkha mpaka makatani. Ife tinaika kabeseni kapadera pa sinki ya panja ndipo abambo osamala pabwalo amakakwirira tsiku lomwelo, mozama, apo ayi agalu amafukula usiku. Dzenje lililonse likhale kutali ndi chitsime kapena mjigo, mamita 30 kupita mtsogolo, komanso kutali ndi nyanja.

Gulu lomaliza ndi la zosathandiza aliyense: matewera a ana, mapadi, makondomu, ma wipes, mapepala a bisiketi, zotengera za take away. Pa izi gulani bini yaikulu yapanja yapulasitiki yolimba, ya matayala ija ya malita 120 kapena 240 ngati thumba likulola, apo ayi dramu yokhala ndi chivundikiro. Yachitsulo kunyanja imadyeka msanga pansi. Ndipo chivundikiro chokha sichikwanira. Kwathu timalimbana ndi agalu, mbuzi, akhwangwala ndi apusi otsika m'phiri, anzathu a ku Cape Maclear ndiye amalimbana ndi anyani enieni oti amatsegula chivundikiro ngati munthu, nkukhala pansi kumasankha. Mwala pamwamba sugwira ntchito, amangogwetsa bini yonse. Gulani hasipu ndi kaloko kapena lamba wa mphira wokoka mbali zonse, ndipo bini imangiriridwe ku mtengo kapena ku chipilala. Ikhale pamthunzi, kumbali yoti mphepo isamabweretse fungo pakhonde pomwe alendo akudyera.

M'bafa lililonse muikemo kabini kakang'ono kapulasitiki ka chivundikiro, pafupi penipeni ndi toyileti poti munthu afikire ali chikhalire. Kabini kameneka ndi kotchipa koma ndi kamene kamateteza septic tank yanu. Ife tinaphunzira pa Khirisimasi ina, nyumba ili yodzadza, chimbudzi chinabwerera, opopa atabwera anatulutsa ma wipes ndi matewera oti simungakhulupirire kuti munthu anawakankhira mu toyileti. Kuyambira pamenepo pali kachikwangwani pakhoma, Chichewa pamwamba Chingerezi pansi, mawu ochepa. Zipinda zogona nazo timabasiketi tating'ono, tansungwi togula m'mbali mwa msewu wa ku Salima timakwanira ndipo timaoneka bwino kuposa ta mu shopu.

Za zolemba pa mabini, musalembe ndime. Mlendo ali pa holide, mwina wamwa kale ziwiri zitatu, sawerenga. Jambulani botolo, kapena mangirirani botolo lenilenilo pa khola ndi waya. Ndipo musapitirire mabini atatu pamalo amodzi, akachuluka anthu amangoponya mu yoyandikira.

Majumbo oika mu bini gulani ochindikala akuda aja a pa rolo, ndipo yezani kaye kukamwa kwa bini musanagule, ine ndinagulapo marolo asanu oti sankafika m'mphepete. Kumbukiraninso kuti mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 analetsedwa muno, malamulo ake ndi a 2015 ndipo Supreme Court inagamula mu 2019 kuti chiletsocho chikhalepo, ngakhale pamsika timawaonabe. Kupatula za lamulo, opyapyalawo amangong'ambika mukamanyamula, msuzi wonse pansi. Mu ndowa ya zotsala za chakudya musaikemo jumbo, yalani nyuzi yakale pansi, izitsukidwa ikakhuthulidwa.

Pali zinthu ziwiri zoti zisayandikire moto: zitini za Doom ndi za perefyumu zimaphulika ngakhale zikuoneka zatha, ndi mabatire a tochi ndi a rimoti. Kachidebe kakale ka penti kotseka kamakwana kusungiramo, mukadzabwera mudzatenge. Zoti pulasitiki asamaotchedwe ndimanena ulendo uliwonse, utsi wake ndi woipa ndipo umalowa m'zipinda, koma kunena kokha sikuthandiza ngati simukubwera kudzatenga. Ndiye ine ulendo uliwonse wobwerera ku Lilongwe galimoto imanyamula matumba, makilomita oposa 100 ndi zinyalala kumbuyo, akazi anga amadandaula koma tinazolowera.

Tsopano mankhwala. Apa lamulo langa ndi loti ochepa, odziwika, ogula ambiri nthawi imodzi. Sopo wamadzi wotsukira mbale ngati Sunlight mugule wa chigubu cha malita 5 muzithira mu kabotolo kakang'ono ka pa sinki, chifukwa mukasiya chigubu chonse poyera chimatha weekend imodzi, ena amatsukira ndi galimoto. Sopo waufa wochapira, Omo, Surf, Boom kaya uti amene amayi anu amamukhulupirira, wa thumba lalikulu, koma mumusunge mu ndowa yotseka poti chinyezi cha kunyanja chimamuumitsa nkukhala chibuma. Sopo wamtanda wochapira makolala ndi zikolopa. Vim kapena Handy Andy wa masinki ndi matailosi. Chotsukira toyileti chimodzi. Jik. Viniga woyera wotchipa. Soda. Sopo wosamba m'manja. Ngati pansi ndi pa simenti yofiira ija onjezani Cobra, koma pakhonde ndi polowera ku bafa musapake, munthu wochokera kunyanja ndi mapazi onyowa amaterereka zoopsa. Basi. Zopopera pa magalasi, zopopera pa matebulo, zonunkhiritsa za mu mpweya, zonsezo mutha kudzagula mukalemera. Magalasi amayera ndi viniga wosakaniza ndi madzi ndi nyuzi, firiji imasiya kununkha nsomba ndi kambale ka soda mkati.

Viniga ndimamukonda pa chifukwa china. Madzi athu ndi a mjigo, amchere pang'ono, amasiya zoyera pa mipopi ndi kutseka timabowo ta shawa mpaka madzi kumatuluka cham'mbali. Kumasula mutu wa shawa nkuuviika mu viniga usiku umodzi, m'mawa uli ngati watsopano.

Jik ndiye tikhalepo pang'ono chifukwa ndi amene anthu amamugwiritsa ntchito molakwika kwambiri. Ambiri amaganiza kuti kuthira wambiri ndiye kuyeretsa, ayi, mukungowononga nsalu, manja a amayi ndi septic tank, poti mu thanki muja muli tizilombo tomwe timagaya zoipa ndipo bulichi wambiri amatipha, kenako thanki imadzadza msanga nkuyamba kununkha. Onani pa botolo, Jik wamba amalembedwa 3.5%. Popukuta matebulo a ku khitchini, zogwirira zitseko, mipopi ndi mipando ya toyileti, kapu imodzi mu ndowa ya malita 10 yosadzadza kwenikweni ndi yokwana. Pomwe munthu wasanza, pali magazi kapena wina watsegula m'mimba, kapu imodzi ya Jik ku makapu 6 a madzi, kuthira, kudikira mphindi 10 kenako kupukuta mutavala magolovesi. Yambani mwatsuka ndi sopo, Jik pa malo a mafuta ndi litsiro sagwira bwino. Madzi akhale ozizira, ndipo osakaniza lero ndi a lero, mawa mphamvu yatha. Botolo lisakhale padzuwa. Amene munali kunyanja nthawi ya kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 dziko lonse ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anavutika nayo kwambiri, mukudziwa kuti izi si zamasewera, nthawi ya dzinja Jik asathe m'nyumba.

Ndipo chonde chonde, Jik sasakanizidwa ndi china chilichonse kupatula madzi. Ndi Harpic kapena viniga amatulutsa mpweya wa klorini wotsamwitsa, ndi zotsukira zokhala ndi ammonia ngati mitundu ina ya Handy Andy amatulutsanso mpweya wina woipa. Kwathu zinachitikapo, mtsikana wina amene anabwera kudzathandiza pa Isitala anathira Jik pamodzi ndi chotsukira china mu toyileti kuti iyere bwino, chitseko chotseka, kabafa kakang'ono, anatuluka akutsokomola misozi ili chuchuchu. Mwamwayi anatuluka msanga. Cholakwa chinali changa, ndinagula zinthu nkungozitula osafotokoza. Pano pa chitseko cha kabati pali pepala lolemba ndi pentopeni yaikulu m'Chichewa, ndipo aliyense watsopano amauzidwa pakamwa tsiku loyamba. Musathirenso mankhwala mu botolo la Sobo kapena la madzi ngakhale mutalemba, mwana sawerenga.

Zipangizo. Mchenga ndiye mdani wamkulu, umalowa paliponse, m'mabedi, m'firiji, ndipo ukatsikira mu shawa umatseka paipi. Chida chabwino kwambiri cholimbana nawo si tsache, ndi beseni lalikulu la madzi pa sitepe yolowera pakhonde, anthu aviike mapazi asanalowe, kuphatikiza chopondera chokhakhala panja ndi china chofewa mkati. Ngati mungathe ikani mpopi kapena shawa ya panja. Matsache akhale atatu, lofewa la m'nyumba, lolimba la pakhonde, ndi lakumudzi la pabwalo logula konko, kuphatikiza lalitali la akangaude ndi zitosi za mileme kudenga. Makina opopa fumbi musavutike nawo, magetsi amathima nthawi yomwe mukuwafuna ndipo mchenga umawapha. Mopu gulani za mutu wa ulusi zosintha mutu, ndodo yamtengo, mitu yapadera inayi, ngakhale amayi athu mpaka lero amakonda chikolopa cha thaulo lakale ndipo kunena zoona pansi pamayera kuposa ndi mopu.

Mitundu ndi yofunika pa nsalu zopukutira, ndowa ndi magolovesi. Zofiira za ku toyileti zokhazokha, zabuluu kapena zobiriwira za ku khitchini, zachikasu kwina konse. Mtundu wake si nkhani, nkhani ndi yoti nsalu yopukutira mpando wa toyileti isadzapezeke ikupukuta mbale, makamaka tsiku lomwe gulu lina likutuluka 10 koloko lina likulowa 2 koloko ndipo mwaitana aganyu. Bulashi ya toyileti bafa lililonse yakeyake, ndi chopopera chotsegula toyileti ikatsekeka chimodzi. Magolovesi funsani saizi, ine ndinagula aakulu okhaokha amayi nkumangowasiya poti ankavuka. Sitiluwulu gulani wambiri koma mumusunge pouma, amachita dzimbiri akangonunkhiza chinyezi, ndi bulashi ya waya ya pa chowotchera nyama. Zingwe zoyanikira ndi mapegi apulasitiki ambiri, nthawi ya mwera kuyambira Juni mpaka Ogasiti mphepo imanyamula bedishiti mpaka kwa aneba.

Pa zogonera werengani katatu: imodzi ili pabedi, ina ili ku chingwe, ina ili mu kabati. Zimenezi ndi mabedishiti, mapilokesi ndi mathaulo. Nthawi ya mvula zovala siziuma tsiku limodzi, ndipo mukaika mu kabati zili zachinyezi zimachita chuku nkumanunkha. Matiresi aliyense akhale ndi chophimba chosalowa madzi, anthu amabwera ndi ana. Mathaulo a kunyanja akhale amtundu wakuda kapena amizeremizere, osiyana ndi a ku bafa, apo ayi oyera anu onse apita pamchenga. Mafuta odziteteza ku dzuwa amene alendo amadzola amasiya chikasu pa nsalu zoyera ndipo mukathira Jik chikasucho chimangokhazikika, pakani sopo wa mbale pamalopo kaye musanachape.

Tizilombo: Doom kapena mnzake zitini ziwiri zotsegula ndi zinayi zosunga, ma koyilo a udzudzu, ndi singano ndi ulusi wosokera maneti. Shuga, mpunga ndi ufa zomwe mumasiyira alendo zikhale m'makontena otseka, nyerere za kunyanja sizichedwa. A ku Nkhata Bay ndi Chintheche onjezerani tsache lina ndi fosholo chifukwa cha nkhungu zija zimatuluka m'nyanja ngati utsi, zikagwera pakhonde pomwe pali getsi m'mawa mumachita kuwola.

Mukagula, gawani pawiri. Zoti alendo azifikira zikhale pansi pa sinki: kabotolo ka sopo wa mbale, siponji yatsopano gulu lililonse (iyi musaumire, siponji yakale yamafuta imanyansa munthu kuposa china chilichonse), nsalu ziwiri zopukutira mbale, tsache ndi chowolera, majumbo a bini atatu, Doom, tishu marolo awiri bafa lililonse ndi ena awiri apadera. Zina zonse, makamaka Jik ndi Harpic, mu kabati yokhoma pamwamba poti ana safika, kiyi ali ndi amayi. Si kuti alendo ndi akuba, koma munthu akapeza tishu wa marolo 24 poyera amaona ngati walipira kale, ena amanyamula popita.

Kuchuluka kwake musalote, yezani. Mwezi woyamba gulani kope la sukulu, amayi azilemba tsiku lomwe atsegula chinthu ndi tsiku lomwe chatha, pambali nambala ya alendo. Pakatha miyezi iwiri mudziwa kuti nyumba yanu imadya zingati. Ndiye ikani malire, mwachitsanzo Jik akatsala mabotolo awiri, tishu akatsala paketi imodzi, atumize uthenga, osadikira kuti zithe. Ife timachita Lolemba lililonse, amajambula shelefu yonse nkutumiza pa WhatsApp, ine ndimaona ndekha chomwe chachepa, ndipo bandulo ndimawagulira ine. Kope limeneli limatetezanso iwowo, chifukwa popanda kope mwini nyumba amayamba kuganiza kuti sopo akupita kumudzi pomwe ndi alendo khumi amene anachapa zovala zawo zonse. Ndipo ngati mukudziwa kuti kwawo sopo ndi wovuta, ingowagulirani wawo pamwezi, nkhani ithe.

Kogula, zambiri ndimatenga ku Lilongwe m'mashopu a holoselo ngati Chipiku kapena Sana, zapulasitiki monga ndowa, mabeseni ndi madramu ku Area 2 ndi mumsika momwe mungathe kunenerera. Mitengo sindilemba, chitsikireni kwacha mu Novembala 2023 mtengo wa lero si wa mwezi wamawa. Bini musanalipire ikankheni ndi chala m'mbali, ikabonyoka mosavuta idzasweka ndi dzuwa chaka chisanathe, ndipo yesani chivundikiro pomwepo, musalole kuti akutengereni china kuseri. Dramu funsani kuti munali chani, ya mankhwala osadziwika isiyeni. Bulichi ndi sopo wamadzi woyeza m'mabotolo opanda chizindikiro amatchipa koma simudziwa mphamvu yake, wa mbale mutha kuyesa, koma bulichi gulani wotseka wa ku fakitale ndipo onani deti. Matsache, mabasiketi, mphasa ndi makala gulani konko kunyanja, ndi zotchipa ndipo anthu a m'mudzi amaona kuti koteji ikuwasiyirako kanthu. Malisiti onse mu envelopu imodzi, makamaka ngati nyumba ndi ya banja ngati yathu, achemwali akamafunsa kuti ndalama za Disembala zinapita kuti mumangotulutsa.

Nthawi yogula ndi milungu iwiri chisanafike chigulu cha anthu, ndiye kuti isanafike Isitala, Mother's Day ya pa 15 Okutobala pomwe tauni yonse imakhamukira kunyanja, ndi Khirisimasi mpaka Nyuwere. Musanyamule katundu tsiku lomwelo alendo akulowa. Polongedza m'galimoto Jik aime chilili mu ndowa, zivundikiro zomangitsa, kutali ndi zakudya ndi mabedishiti, zitini za Doom zisakhale padzuwa kuseri kwa galasi, msewu wa ku Salima uli ndi zitunda ndi makhona okwanira kugwetsa chigubu. Ine chinandigwera chimodzi cha malita 5, kapeti ya kumbuyo kwa galimoto mpaka lero ili ndi chigamba choyera chooneka ngati mapu.

Mukafika musangotula nkutembenuka. Tsegulani katundu limodzi ndi amayi ndi abambo a pabwalo, lembani mu kope, yezerani limodzi kapu ya Jik mu ndowa kamodzi kuti aone mlingo, kapuyo muimangirire ndi chingwe pa kabati isapite ku khitchini. Mabini muwaike m'malo mwake nokha, mumange malamba, kenako tengani botolo lapulasitiki, chitini ndi khoko la nthochi mupatse mwana aliyense amene ali pafupi mumuuze akataye osamulozera. Akasokoneza, sinthani zojambula zija musananyamuke.